Mafunso a Chanazi

Ine ntchito yanga ndi kumata machubu
pansi pa msangu, kuseri kwa msika wa Bangula.
Ndimaviika chubu m'beseni, ndidikire thovu:
pamene patuluka thovu, bala lili pomwepo.
Zimenezo ndimazidziwa. Zina ayi.

Koma Chanazi, mwana wanga wachitatu,
funso linamera m'kamwa mwake mano asanamere.
"Ababa, mpweya mwapopera m'tayalamu
unali kuti musanaugwire?"
Ndinati pita ukathandize amako kusankha thonje.
Anapita, nabwerako ndi njere m'dzanja:
"Nanga kuyera konseku
kumakwana bwanji m'kanthu kakuda chonchi?"

Mwezi wa Okutobala, phula likufewa pamsewu,
mbuzi zitabisala pansi pa ngolo,
ife tonse tili lambalamba pamkeka,
iye ali chogwada pa njanji yakufa ija,
khutu pafupi ndi chitsulo chotentha,
akuti akumvera ngati sitima ikukumbukabe njira.
"Inkapita kuti?" Kunyanja ya mchere, ndinatero.
"Anathiramo ndani mcherewo?"

Wailesi yanga anaimasula ndi mpeni
kufuna kuona kamunthu kowerenga nkhani.
Ndinathyola kamtengo, sindibisa.
Dzanja lili m'mwamba, maso anagwa pansi:
tizitsulo tonse atatindanda mwa msinkhu,
tating'ono uku, tokulirapo uku,
monga momwe ndimayalira ine manati ndi masipoko.
Kamtengo kaja tinasonkhezera moto.

Chaka chimene Ruo anakankha Shire
n'kumulowetsa m'nyumba zathu usiku,
tinagona m'kalasi, mabanja khumi ndi awiri.
Akulu tinkawerenga mbuzi zomwe zapita.
Iye ankawerenga zotsala pabolodi,
masamu a ana omuposa zaka zitatu,
milomo ikugwedera mumdima.
Madzi ataphwa, makope ake anali phala.
Anawayanika padenga tsamba ndi tsamba,
mwala pamwamba pa lililonse,
kenaka anatola khala, nalemba mzere pakhoma
pomwe madzi analekeza, ndi tsiku lake.
"Kuti akadzabweranso tidzayerekeze."
Amake analira. Ine ndinatuluka panja.

Sukulu ine ndinalekeza sitandade fili,
tsiku limene ng'ombe za amalume zinasowa mbusa.
Mafunso anga anaumira pakhosi
ngati dothi la m'dimba m'chilimwe.
Tsono mawu amene ndaphunzira imvi zitayamba kale
ndi olemera kuposa thumba la mapira:
"Sindikudziwa, mwanangu. Tiye tikafunse."

Tafunsa kale a Fulukiya, opalasa bwato pa Mtayamoyo,
chifukwa chake ng'ona imawothera dzuwa kukamwa kuli yasa.
Tafunsa anamwino chimene udzudzu umasiya m'magazi,
anatilola kusuzumira m'kagalasi kawo,
ine ndinangoona madontho, iye sanafune kuchokapo.
Ena amatiseka.
Ena amati mtsikana wotere adzavuta pabanja.
Ndimangopopa tayala, osayankha.

Mvula yagwa masabata atatu tsopano,
mitengo yonse yavala.
Msangu wanga wokha wavula, wayoyola masamba onse,
moti ndikugwira ntchito pamtetete,
thukuta likudonthera m'beseni.
Zaka makumi awiri ndakhala pansi pake
osadabwa ngakhale kamodzi.
Dzulo Chanazi anayang'ana m'mwamba, nayang'ana ine.
Ndinamutsogolera:
"Usafunse. Nanenso ndangoona lero."

Mawa Loweruka sinditsegula.
Akuti ku Ngabu kuli mlangizi wodziwa za mitengo.
Ndi mtunda, ndipo dzuwa lathu mukulidziwa,
koma ndamanga kale chitenje pakaliyala,
botolo la madzi lili pachiwongolero,
ndipo iye wasongola pensulo yake
ndi lezala langa lodulira zigamba.